Homuweki ilowe bwanji m'malikisi a pa lipoti?

Kodi homuweki imawerengedwa pa mayeso a MANEB?

Ayi. Pa PSLCE (Sitandade 8), JCE (Folomu 2) ndi MSCE (Folomu 4), bungwe loona za mayeso la MANEB limachonga zimene wophunzira walemba pa nthawi ya mayeso. Makope a homuweki safika kumeneko. Nkhani ili pa lipoti la kumapeto kwa teremu, limene sukulu imakonza yokha.

Nanga itenge malikisi angati?

Ife timalangiza kuti asapitirire 10 pa 100. Timayeso ta m'kalasi titenge 30, mayeso otsekera teremu 60.

Tinene kuti mwana wapatsidwa ntchito 8, iliyonse ya malikisi 5, ndipo wapeza 32 pa 40. Gawani 32 ndi 40, muchulukitse ndi 10, mupeza 8. Ngati pa timayeso wapeza 21, pa mayeso aakulu 33, lipoti lake likhala 62.

N'chifukwa chiyani malikisiwo achepa chotere?

Mphunzitsi saona amene wagwira cholembera. Mwana wina amulembera mkulu wake wa Folomu 4, wina wakopera m'mawa kuseri kwa kalasi. Winanso wafika kunyumba n'kupeza madzi osatunga, mbuzi zosatsekera, ndipo kukada palibe nyale. Amene ali kusukulu yogonera konko ali ndi nthawi yowerenga madzulo, pamene mnzake wa ku CDSS, sekondale yoyendera, nthawi imeneyo angakhale akadali pa njira. Homuweki ikalemera, lipoti limayamba kuyeza za pakhomo m'malo moyeza mwana.

Tichonge chiyani kwenikweni?

Malikisi 5 aja agaweni motere: 2 ngati wayesa mafunso onse, 2 ngati waonetsa njira imene wadutsa, 1 ngati wakonza zimene analakwitsa. Yankho lokhoza koma lopanda njira musalikhulupirire msanga. Mawa lake funsani mafunso awiri ofanana nawo, ayankhe m'mphindi 5 makope atatseka. Wokopera amaonekera pomwepo. M'kalasi ya ana 100 simungachonge zonse tsiku lililonse. Tengani mzere umodzi lero, wina mawa, osawauziratu.

Amene sanalembe apatsidwe ziro?

Osafulumira. Mwana wopeza 80 pa 100 pa ntchito iliyonse mwa zinayi, mukamuikira 0 pa yachisanu, avereji yake imatsika kufika pa 64, chonsecho phunzirolo akulidziwa. Mpatseni masiku awiri kuti abweretse, mumuchotsere malikisi pang'ono. Zikachitika katatu motsatizana, itanani makolo mumve chimene chikuvuta kunyumba.