Kuchotsa sitenti ya m'njira ya mkodzo: mafunso amene anthu amakhala nawo tsiku likayandikira

Munthu amene wakhala ndi sitenti kwa masabata angapo amaidziwa bwino ngakhale sanaionepo ndi maso. Amaidziwira pa kudzukadzuka usiku kukataya madzi, pa kubaya kwa m'nthiti akamakodza, ndi pa mkodzo umene umafiira akangoyenda kamtunda. Ndiye tsiku loichotsa likafika mtima umakhala pawiri: akufuna ichoke msanga, komanso akuopa mmene itatulukire.

Kodi chimene akukachotsacho n'chiyani kwenikweni?

Ndi kapaipi kofewa ka pulasitiki, kochepa ngati chingwe cha nsapato. Kukula kwake ndi mamilimita awiri okha, ndipo kwa munthu wamkulu kamatalika masentimita 22 mpaka 30. Kamakhala m'kati mwa ureter, njira imene mkodzo umatsikira kuchoka ku impso kupita m'chikhodzodzo. Nsonga zake zonse ziwiri n'zopiringizika ngati mchira wa nkhumba, ina imakola mu impso, ina m'chikhodzodzo, kuti kasasunthe. N'chifukwa chake pa kalata yanu ya kuchipatala mwina alembapo kuti double J kapena JJ. Mtundu umenewu unayamba kudziwika mu 1978 kudzera mwa dokotala wa ku America, Roy Finney.

Ambiri amawaika sitenti pambuyo pochotsa mwala wa mu impso, chifukwa njirayo imatupa ikagundidwagundidwa ndi zipangizo, ndipo ikhoza kutsekeka. Ena amawaika chifukwa chotupa chikupanikiza njirayo, ena atapatsidwa impso ya munthu wina.

Adzanding'ambanso?

Ayi. Sitenti imatulukira momwe mkodzo umatulukira, palibe mpeni kapena kusoka. Njira zake n'ziwiri.

Yoyamba ndi ya ulusi. Sitenti zina, makamaka zokhala masiku ochepa, amazisiya ndi kaulusi kopyapyala kotulukira kunja, komatidwa ndi pulasitala pa ntchafu kapena pa chida cha abambo. Tsiku likakwana amangokoka ulusiwo.

Yachiwiri, imene ambiri amadutsamo, ndi ya kamera. Dokotala amalowetsa kachipangizo kopindika kotchedwa cystoscope, kokhala ndi kanyali ndi kamera kunsonga, kudzera m'njira ya mkodzo mpaka m'chikhodzodzo. Akaiona nsonga ya sitentiyo amaipana ndi kachopanira kakang'ono n'kuitulutsa pamodzi ndi chipangizocho.

Tandiuzani bwinobwino zimene zimachitika m'chipindamo.

Mumavula kumunsi n'kuvala gauni. Kawirikawiri amayamba akutumani kukakodza, ndipo mkodzowo amauyeza ngati muli matenda. Kenako mumagona chagada. Namwino amakupukutani kumaliseche ndi mankhwala ophera tizilombo, amene amakhala ozizira ndithu, n'kukufundani nsalu yokhala ndi kabowo pakati. Amafinyira m'njira ya mkodzo jelo wa lidocaine wochititsa dzanzi komanso woterera. Jeloyo amayamba waluma pang'ono asanagwire ntchito.

Chipangizo chikalowa, amathira madzi m'chikhodzodzo kuti chifufume aone bwino. Pamenepa mumamva ngati mkodzo wakugwirani kwambiri, ndipo ena amachita manyazi poganiza kuti akodzera pabedi. Musadandaule, madzi amene akukunyowetsaniwo ndi a dokotala yemweyo. Kupana ndi kukoka sitenti kumatenga masekondi owerengeka. Mumamva kukoka kwachilendo kochokera m'nthiti kutsikira kumunsi, musanamalize n'komwe kukukuta mano mumangomva akuti yatuluka. Ntchito yeniyeniyo siidutsa mphindi 5 nthawi zambiri. Kuvula, kudikira pabenchi ndi kuvalanso ndiko kumadya nthawi.

Pemphani kuti akuonetseni. Ambiri amadabwa kuona kuti kanthu kamene kanawasowetsa tulo masabata onse aja n'kakang'ono choncho.

Koma zimapweteka, eti?

Kunena kuti simumva kanthu kungakhale kukunamizani. Komabe ambiri amati n'zosowetsa mtendere osati ululu weniweni, ndipo zimatha msanga kuposa mmene amaganizira. Kwa amayi n'zachidule, poti njira yawo ya mkodzo ndi ya masentimita pafupifupi 4. Ya abambo imafika masentimita 20 ndipo ndi yokhota. Pali malo amodzi, pamene chipangizo chimadutsa mnofu wotseka mkodzo komanso prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo), pamene bambo amamva kutsina kwamphamvu kwa kamphindi.

Chimene chimakulitsa ululu pamenepo ndi kudzilimbitsa. Thupi likachita mantha limafinya mnofu womwewo umene chipangizo chikufuna kudutsa. Dokotala akanena kuti tafika pakhomo, pumirani m'kamwa pang'onopang'ono, gwedezani zala za kumapazi, ndipo chitani ngati mukufuna kukodza. Zimamveka zoseketsa, koma kuchita ngati mukukodza ndiko kumatsegula mnofuwo.

Ana amawagoneka tulo. Akuluakulu amene sitenti yawo yakhalitsa, kapena amene anavutika kwambiri ulendo wapita, nawonso akhoza kugonekedwa. Ngati mantha anu ndi aakulu nenani pasadakhale, osati mutagona kale pabedipo.

Ndikonzekere bwanji?

Ngati akugwiritsa ntchito jelo yekha, idyani ndi kumwa monga mwa masiku onse. Akakuuzani kuti adzakugonekani tulo, ndiye kuti chakudya mumasiya maola 6 nthawiyo isanakwane, ndipo pamafunika wokuperekezani.

Pali zinthu zoti dokotala adziwe lisanafike tsikulo. Ngati mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, clopidogrel kapena aspirin, muuzeni, koma musasiye kumwa mwa nokha. Muuzeninso ngati pali mankhwala amene thupi lanu limadana nawo, ngati ndinu oyembekezera, ndiponso ngati masiku amenewa mwakhala mukutentha thupi kapena mkodzo ukununkha mwachilendo. Akapeza matenda mu mkodzo akhoza kuyamba akupatsani mankhwala n'kusuntha tsiku. Zimakwiyitsa munthu utakonzeka kale, koma kulowetsa chipangizo m'chikhodzodzo chodzaza tizilombo kukhoza kukankhira matendawo m'magazi.

Yanga ili ndi ulusi ndipo anandiuza kuti ndidzaichotse ndekha. N'zotheka zimenezo?

N'zotheka, ndipo anthu ambiri amachita. Koma muchite pa tsiku limene dokotala anakuuzani, limene kawirikawiri limakhala pakati pa masiku 3 ndi 7 kuchokera pa opaleshoni. Musadziikire tsiku lanu chifukwa choti yakutopetsani.

M'mawa ndi nthawi yabwino, kuti china chikavuta chipatala chikhale chili chotsegula. Imwani madzi okwanira ndi mankhwala ochepetsa ululu kutatsala theka la ola kapena ola. Sambani m'manja, matulani pulasitala, khalani pachimbudzi kapena imirirani m'bafa madzi ofunda akutsika. Gwirani ulusi molimba n'kukoka pang'onopang'ono koma osalekeza. Vuto la ambiri n'kuima pakati, ataona kuti chinthucho chikungotulukabe osatha. Kumbukirani kuti ndi chachitali ngati rula. Chikatuluka chiyang'aneni: nsonga zopiringizika zija zikhalepo zonse ziwiri.

Ulusi ukaduka, kapena mukamva kuti yakana kutuluka, musalimbane nayo. Pitani kuchipatala akaitulutse ndi kamera. Chimodzimodzinso ulusi ukakodwa m'chovala tsiku lisanakwane n'kuisuntha. Chizindikiro chake n'choti mkodzo umangodontha wokha osaleka, chifukwa kapaipiko kadutsa mnofu wotseka uja ndipo mkodzo ukungoyenda kuchoka ku impso mpaka kunja. Imbani foni kwa amene anakuikani, musayese kuibweza m'kati.

Ikatuluka ndiye kuti mavuto atha pomwepo?

Apa ndi pamene anthu ambiri sauzidwa mokwanira, ndipo ine ndimaona kuti pamafunika kufotokozedwa kuposa kuchotsa kwenikweniko. Ena amapepukidwa nthawi yomweyo. Koma ena amafika kunyumba ali osangalala, ndiye patapita maola angapo m'nthiti mumayamba kupota ngati mwala uja wabwereranso. Munthu amagwada pansi, thukuta kamukamu, n'kumaganiza kuti dokotala walakwitsa penapake.

Chimene chachitika n'chakuti ureter, imene yakhala yotsegulidwa ndi kapaipi kwa masiku ambiri, tsopano yatsala yokha. M'kati mwake mukadali motupa, ndipo minofu yake imadzifinya mwamphamvu. Mkodzo umachedwa kutsika, impso imafufuma pang'ono, ululu n'kubwera. Nthawi zambiri zimatha zokha pakapita maola angapo kapena tsiku limodzi. Paracetamol amathandiza, botolo la madzi ofunda pamsana limathandizanso. Ibuprofen ndi diclofenac amagwira bwino ntchito pa ululu wa mtundu umenewu, koma si a aliyense: amene impso zawo n'zofooka, amene ali ndi impso imodzi kapena yopatsidwa, a zilonda za m'mimba, amayi oyembekezera ndi omwa mankhwala a magazi aja asawamwe dokotala asanavomereze. Ena amapatsidwa tamsulosin kuti njirayo imasuke. Funsani musanachoke kuchipatala kuti ululuwu ukabwera mumwe chiyani, kuti usakupezeni usiku mulibe kanthu m'nyumba.

Kuwotcha pokodza, kukodza pafupipafupi ndi mkodzo wofiirira n'zachizolowezi kwa tsiku limodzi kapena awiri, nthawi zina atatu. Magazi ochepa kwambiri amatha kufiiritsa chimbudzi chonse, choncho mtundu wokha usakuopseni. Imwani madzi malita awiri kapena atatu pa tsiku, pokhapokha ngati munauzidwa kuchepetsa madzi chifukwa cha mtima kapena impso.

Nanga ndi liti pamene ndiyenera kuthamangira kuchipatala?

Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena mukayamba kuzizidwa ndi kunjenjemera, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Musati tione mawa. Matenda a mu impso yotsekeka amalowa m'magazi mofulumira, ndipo amapha. Mukafika nenani msanga kuti mwangochotsedwa sitenti, kuti asataye nthawi n'kufufuza zina.

Pitaninso ngati mkodzo wakana kutuluka chikhodzodzo chili chodzaza, ngati mukutuluka magazi oundana kapena mkodzo ukunka nufiira m'malo moyera, ngati mukusanza moti madzi sakukhazikika m'mimba, kapena ngati ululu sukumva mankhwala. Nthawi zina zimapezeka kuti kachidutswa ka mwala kanatsalira kapena kutupa n'kwakukulu, ndipo amaikanso sitenti ina kwa kanthawi. Amene ali ndi impso imodzi yokha asadikire n'komwe akaona mkodzo wachepa.

Sitenti yanga yasiya kundivutitsa. Kodi singakhale momwemo?

Ayi ndithu. Mwa zonse zalembedwa pano, ichi ndicho choopsa kwambiri. Mkodzo uli ndi mchere umene umamatirira pa pulasitiki tsiku ndi tsiku. Pakapita miyezi sitenti imakutidwa ndi chikhakha cholimba, nsonga zopiringizika zija n'kusanduka miyala, ina mu impso ina m'chikhodzodzo. Ikafika pamenepo siikokekanso. Ntchito ya mphindi 5 ija imasanduka maopaleshoni awiri kapena atatu ophwanya miyala, ndipo ena impso imafa mwakachetechete osamva ululu uliwonse.

Sitenti zambiri siziyenera kupitirira miyezi 3 mpaka 6 osachotsedwa kapena kusinthidwa. Zilipo zina zopangidwira kukhala mpaka chaka, koma zimenezo dokotala amachita kukuuzani. Kwa mayi woyembekezera mchere umamatirira msanga, moti amasintha pakangopita masabata 4 mpaka 8. Anthu amene thupi lawo limapanga miyala kawirikawiri nawonso yawo siichedwa kukutika.

Zimachitika kuti munthu amatuluka m'chipatala akadali ndi chizungulire cha mankhwala, osamvetsa n'komwe kuti amusiyira kanthu m'thupi. Zimachitikanso kuti dzina limasowa pa mndandanda wa oitanidwa. Tsiku limene munauzidwa likadutsa popanda uthenga, musakhale chete poganiza kuti akudziwa okha. Afunseni, ndipo lembani penapake tsiku limene inaikidwa ndi mbali imene ili.

Ntchito, galimoto, za m'banja?

Ngati sanakugonekeni tulo mukhoza kuyendetsa galimoto tsiku lomwelo, ndipo ambiri amabwerera kuntchito mawa lake. Ogonekedwa tulo adikire maola 24. Za m'banja yambani pamene kuwotcha ndi magazi zatha. Amene sitenti yawo ili ndi ulusi adziletse mpaka itachoka, chifukwa ulusiwo ukhoza kukokeka.

Ndidzafunikanso kuonana ndi dokotala?

Kawirikawiri inde. Madokotala ambiri amaitanitsa sikani ya impso pakapita masabata angapo, chifukwa ureter ikhoza kuchita chipsera n'kupanikizika popanda chizindikiro chilichonse. Ngati vuto linali mwala, funsani zotsatira za kuyeza mwalawo. Miyala ili ndi mitundu yake: wa calcium oxalate ndi wa uric acid amapewedwa mosiyana, ndipo wa uric acid umatha kusungunuka ndi mankhwala. Musanatuluke m'chipindamo funsaninso funso limodzi losavuta: kodi mbali inayo mulibe sitenti ina? Anthu ena amaikidwa ziwiri, ndipo si nthawi zonse zimachotsedwa tsiku limodzi.