Zimene njala imachita ku chitetezo cha mbewa zakutchire

Wofufuza akapeza mbewa mumsampha m'mawa, amaiika m'kathumba n'kuiyeza kulemera kwake, koma chimene chimaulula zambiri ndi tizitosi timene yasiya usiku wonse. Akatisungunula m'madzi amchere, mazira a njoka za m'mimba amayandama pamwamba, ndipo amawawerenga pa mayikulosikopu. Mbewa ziwiri za m'nkhalango imodzi, za msinkhu wofanana, zimatha kusiyana kutalitali: ina mazira ochepa chabe, ina mbwee. Mbali ina ya kusiyanaku imachokera pa zimene iliyonse yakhala ikudya.

Chitetezo cha m'thupi sichibwera chaulere. Asilikali a m'magazi amene amagwira tizilombo toyambitsa matenda amapangidwa ndi mapuloteni, ndipo thupi likatentha pofuna kupha tizilomboti limawotcha mphamvu zambiri kuposa masiku onse. Kanyama kolemera magalamu 20 kalibe nkhokwe yaikulu ya mafuta. Chimene kadya lero chiyenera kugawidwa: china chotenthetsera thupi usiku wozizira, china chokulira, ndipo ngati ndi kakakazi koyamwitsa, gawo lalikulu limapita ku mkaka. Chakudya chikachepa, chitetezo ndicho chimodzi mwa zinthu zimene zimamanidwa. Robert Lochmiller wa ku Oklahoma State University anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1990 pa makoswe akutchire a mtundu wa Sigmodon hispidus, pamene chitetezo cha amene anawachepetsera mapuloteni chinafooka.

Kafukufuku amene ine amandifika pamtima anachitikira ku Scotland, ndipo anafalitsidwa mu 2021. Amy Sweeny ndi Amy Pedersen a ku University of Edinburgh, pamodzi ndi anzawo, ankathira chakudya chopatsa thanzi m'zigawo zina za nkhalango, zigawo zina n'kuzisiya mmene zinalili. Mbewa zake zinali za mtundu wa Apodemus sylvaticus, zimene m'matumbo mwake mumakhala njoka yaing'ono yopiringizika yotchedwa Heligmosomoides polygyrus. Mbewa zodyetsedwa zinapezeka ndi njoka zochepa, matupi ake anali onenepa bwino, ndiponso asilikali olimbana ndi njokazo anachuluka. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti ngakhale mankhwala opha njoka anagwira bwino ntchito mwa mbewa zodyetsedwazo kusiyana ndi zinzake. Ndimaona kuti phindu la kafukufukuyu lagona poti anachitikira kuthengo kwenikweni. Mbewa ya mu labotale imadya tsiku ndi tsiku, sidziwa chisanu kapena kadzidzi, ndipo chitetezo chake chimakhala ngati cha khanda tikachiyerekeza ndi cha mbewa yakutchire imene yakumana ndi tizilombo kuyambira ili mu una.

Wina anganene kuti basi, chakudya chikachuluka matenda achepa. Ayi ndithu, ndipo apa m'pamene ambiri amasokera. Chakudya chimalimbitsa mbewa imodzi payokha, koma chimachititsanso kuti mbewa ziswane kwambiri, zithinane, zilumane polimbirana malo, n'kumapatsirana tizilombo mosavuta. Mu 1993, kumwera chakumadzulo kwa United States, m'dera limene maboma a Arizona, New Mexico, Colorado ndi Utah amakumanirana, anthu achinyamata athanzi anayamba kubanika mwadzidzidzi, ndipo oposa theka la odwala a chaka chimenecho anamwalira. Mvula inali itagwa yambiri kutsatira zaka zachilala, mitengo ya piñon inabereka mtedza wochuluka, ndipo mbewa za mtundu wa Peromyscus maniculatus zinachulukana n'kuyamba kulowa m'nyumba ndi m'mashedi. Mbewazi zimanyamula kachilombo ka hantavirus kotchedwa Sin Nombre popanda kuoneka zodwala, ndipo munthu amakatenga akapuma fumbi losakanikirana ndi mkodzo kapena zitosi zake.

Kum'mawa kwa dziko lomwelo, m'boma la New York, Richard Ostfeld ndi anzake anapeza zofanana ndi zimenezi. Mitengo ya oak ikabereka kwambiri, chaka chotsatira mbewa zimachuluka, nkhupakupa zing'onozing'ono zimayamwa magazi ake n'kutengako bakiteriya wa matenda a Lyme, amene nkhupakupazo zimapatsira anthu zikawaluma, ndipo chiopsezo kwa anthu chimakwera patatha pafupifupi zaka ziwiri kuchokera pamene zipatsozo zinagwa. N'chifukwa chake ofufuza kumeneko amawerenga zipatso zogwera m'madengu amene amatchera pansi pa mitengo chaka chilichonse, kuti adziwiretu chaka chimene nkhupakupa zonyamula matenda zidzachuluke.