Mankhwala osankha dzanja, ndi mmene amatayira dzanjalo

Pa bolodi, lithium amide amalembedwa ngati kanthu kosavuta: atomu imodzi ya nayitrojeni, timagulu tiwiri ta kaboni m'mbali mwake, ndi atomu imodzi ya lithiyamu. Koma zimene zili m'botolo la mu labotale si zimenezo, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti ntchito itheke kapena iwonongeke.

Tiyambe ndi nkhani ya dzanja. Mamolekyu ena amakhala awiriawiri ngati manja athu: zonse n'zofanana, koma lamanja silingalowe m'malo mwa lamanzere. Asayansi amati mamolekyu otere ndi chiral. Louis Pasteur anaona zimenezi mu 1848 pamene ankasankha pamanja timibulu ta mchere wa tartrate, tina uku tina uko. Thupi nalo limasankha. Mankhwala otchedwa L-DOPA amathandiza odwala matenda a Parkinson, koma mnzake wa dzanja linalo sapatsidwa kwa odwala. Choncho wopanga mankhwala amafuna dzanja limodzi lokha.

Apa m'pamene ma amide a lithiyamu amathandiza. Ntchito yawo ndi kuzula atomu ya haidrojeni pa molekyu ina. Amide ikakhala nalo dzanja lakelake, sizula mwachisawawa: pa mahaidrojeni awiri ooneka ofanana imakonda imodzi, ndipo chotulukapo chimapendekera kudzanja limodzi. Whitesell ndi Felman anaonetsa zimenezi mu 1980. Mu 1986 Kenji Koga ku Tokyo ndi Nigel Simpkins ku Britain, aliyense payekha, anazichita pa ma ketone, mamolekyu okhala ndi okosijeni yomangika kawiri pa kaboni. Stephen Davies wa ku Oxford anatenga njira ina, yomata amide yonseyo pa molekyu kuti apange ma beta-amino acid a dzanja limodzi, achibale a ma amino acid amene amapanga mapuloteni.

Tsopano m'botolo muja. Lithiyamu ndi kaatomu kakang'ono kwambiri, ndipo sikakhutira ndi nayitrojeni imodzi. Ma amide awiri amagwirana, malithiyamu awiri ndi manayitrojeni awiri n'kupanga kabwalo ka ngodya zinayi. Timabwalo timeneti tikhoza kulumikizana m'mbali n'kukhala makwerero. Ron Snaith ndi Robert Mulvey ndi ena mwa amene anafotokoza malamulo a kagwiranidwe kameneka m'zaka za m'ma 1980, pounika timibulu ndi X-ray. LDA (lithium diisopropylamide), amide ya lithiyamu yodziwika kuposa zonse, ikakhala yokha imapanga unyolo wautali wopotana. Ikasungunulidwa m'chosungunulira chotchedwa THF imakhala iwiriiwiri, lithiyamu iliyonse itagwira molekyu imodzi ya THF, monga anatsimikizira David Collum wa ku Cornell pogwiritsa ntchito makina a NMR, amene amaunika mamolekyu ndi mphamvu ya maginito.

Ndiye kuti chosungunulira si malo ongosambiramo mankhwala. Chimagwira chitsulo cha lithiyamu, chimadula makwerero, chimasintha mpata umene molekyu ina iyenera kulowamo. Ngakhale kamchere ka lithium chloride, kamene munthu angakaone ngati zinyalala, kamalowa m'kabwalo kaja, ndipo pa ma ketone ambiri kamachititsa kuti amide isankhe dzanja bwino koposa. Ine ndimaona kuti wophunzira aliyense ayenera kuuzidwa zimenezi msanga, chifukwa anthu awiri angatsate malangizo amodzi n'kupeza zosiyana, kusiyana kwake kuli pa mchere umene wina sanadziwe kuti ulimo.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi zimene zimachitika tikachotsa lithiyamu n'kuikapo sodiyamu kapena potaziyamu. Zitsulo zitatuzi n'zapachibale, ndipo sodiyamu ndi wochuluka padziko komanso wosakwera mtengo, choncho n'zomveka kuti anthu amufune. Koma maatomu ake ndi aakulu, sagwira nayitrojeni zolimba, ndipo amakhazikika bwino pamene ma elekitironi amwazika pa maatomu angapo. Molekyu imadzikonza kuti imupatse zimenezo. Gulu la Philip Andrews ku Monash University, ku Melbourne, linaunika ma amide a mtundu wa Davies uja n'kupeza kuti ena amasinthika okha: haidrojeni imasamuka kuchoka pa kaboni ina kupita pa ina, kapena imachoka pamodzi ndi chitsulo, ndipo pamatsala mtundu wina wotchedwa aza-allyl. Nthawi zambiri maso amaona okha. Zosungunuka za m'botolo zimene zinali zotuwa kapena zachikasu zimafiira kwambiri.

Kufiira kumeneko kungakhale uthenga woipa. Dzanja la molekyu limakhala pa kaboni imene yagwira zinthu zinayi zosiyana. Haidrojeni ya pa kaboni imeneyo ikachoka, kaboniyo imatsala ndi zitatu, imaphwatalala, ndipo dzanja limatheratu. Kuziziritsanso botolo sikulibweza. Munthu amapitiriza ntchito akuganiza kuti ali ndi chida chosankha, pamene chida chija chinasanduka china kalekale.

N'chifukwa chake ntchitoyi imachitika mwa dongosolo lokhwima. Botolo limaumitsidwa, mpweya wamba umachotsedwa n'kuikamo argon kapena nayitrojeni, chifukwa kadontho ka madzi kamapha amide nthawi yomweyo. Kenako limamizidwa mu dry ice (mpweya wa carbon dioxide woundana) wosakaniza ndi chosungunulira chotchedwa acetone, amene amazizira kufika madigiri 78 pansi pa ziro, ndipo mankhwala amathiridwa ndi jakisoni pang'onopang'ono. Kuzizirako kumachedwetsa kusinthika, komanso kumathandiza kuti amide isankhe bwino.

Chenjezo limodzi kwa woona zithunzi zokongola za X-ray: chithunzicho chimaonetsa chimene chinauma n'kukhala kambulu, osati zonse zimene zikuyandama m'chosungunulira. Komanso gulu limene lachuluka m'botolo si nthawi zonse limene limagwira ntchito. Kawirikawiri awiri ogwirana aja amayamba alekana, ndipo kachidutswa kochepa kosakhalitsa n'kamene kamazula haidrojeni. Kuti tikadziwe, pamafunika kuphatikiza X-ray, NMR ndi kuyeza liwiro la ntchitoyo pa chosungunulira chomwecho ndi kuzizira komweko.