Kuzimitsa kompyuta sikutanthauza kuti magetsi achoka m'kati mwake

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kompyuta ya padesiki ikangozimitsidwa, munthu akhoza kutsegula bokosi lake ndi kuchotsa RAM (kachipangizo kosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito) kapena graphics card (khadi lotumiza zithunzi pa sikirini) popanda vuto lililonse. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amawonongetsa zipangizo zabwinobwino.

Kuyambira pamene kampani ya Intel inakhazikitsa dongosolo la kapangidwe ka makompyuta lotchedwa ATX mu 1995, gawo lopereka magetsi, lotchedwa power supply, limapitirizabe kutumiza mphamvu ya mavolti 5 ku motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zina zimalumikizidwapo) malinga ngati chingwe chili cholumikizidwa kukhoma ndipo switchi yakumbuyo ili yoyatsa. Mphamvu imeneyi ndiyo imachititsa kuti batani loyatsira ligwire ntchito, ndipo n'chifukwa chake pa ma motherboard ena kagetsi kakang'ono kamawalabe ngakhale kompyuta itazimitsidwa. Mukazula RAM kapena kulowetsa khadi pa nthawi yotereyi, kapenanso kachitsulo kakagwera pa motherboard, magetsi akhoza kudutsa njira yolakwika n'kupsereza gawo limene kulikonza n'kovuta kwambiri.

Choyenera ndi kuzula chingwe cha magetsi, kenako kudina batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsala ithe. Musanagwire chipangizo chilichonse, khudzani chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu, amene nthawi zambiri simuwamva n'komwe, asadutsire pa tizigawo tosachedwa kuwonongeka, ndipo RAM muziigwira m'mbali, osati pa mano ake agolide. Koma power supply musaitsegule konse, pakuti ma capacitor ake (tizipangizo tosunga magetsi) amatha kusunga mphamvu yoopsa ngakhale chingwe chitazulidwa. Ikawonongeka, imasinthidwa yonse.