Kale Lilongwe ankadikira katundu wake ku Salima

Lolemba lililonse m'mamawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha, pa Kamuzu Road kuno ku Salima pamakhala piringupiringu. Ma Sienta amakhala atandanda, anyamata oitanira akukuwa kuti "Lilongwe m'modzi!", amayi ogulitsa nsomba akumangitsa madengu a usipa kumbuyo kwa galimoto. Pakati pawo sipalephera bambo wovala tayi amene anabwera Lachisanu kudzaona banja, ndipo akufunitsitsa kuti 8 koloko imupeze ali pa Capital Hill. Likafika Lachisanu madzulo zinthu zimatembenuka: galimoto zimatsika mapiri a ku Mvera motsogozana, zambiri osaima n'komwe m'tauni, ulendo wa ku Senga Bay.

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a matauni, ndiye anthu akamva zimenezi funso lawo limakhala limodzi: kodi Salima adzasanduka Lilongwe wachiwiri? Ena amafunsa akumwetulira chifukwa ali ndi malo oti agulitse. Ena amafunsa ndi nkhawa chifukwa lendi yayamba kuwathawa. Onsewa ndimawayankha poyambira kale, pakuti tauni ili ngati munthu, khalidwe lake limachokera kumene inabadwira.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti panali nthawi imene Lilongwe ndiye ankayang'ana kuno. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, chaka chomwenso mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa, n'kulumikiza dziko lino ndi doko la Beira. Njanjiyo inathera pano. Kwa zaka zoposa 40, katundu wolemera wopita ku Lilongwe ndi madera ozungulira ankatsitsidwa pa siteshoni ya Salima n'kukwezedwa pa malole, ndipo mbewu zochokera kumtunda zinkatsika njira yomweyo kudzakwera sitima. Tauni yathu inamera mozungulira siteshoniyo: nyumba zosungiramo katundu, masitolo, nyumba za ogwira ntchito ku njanji. Pa nthawiyo Lilongwe anali boma chabe la alimi a fodya, ndipo kalembera wa 1966 anapezako anthu osakwana 20,000.

Zinthu zinasintha boma la Dr Kamuzu Banda litaganiza zochotsa likulu ku Zomba. Mu 1968 linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzinda watsopano, ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Pofika 1977 anthu anali atatsala pang'ono kukwana 100,000. Kenako mu 1979 njanji inapitirizidwa kuchoka ku Salima kukafika ku Lilongwe. Chinali chitukuko ndithu, koma kwa Salima chinatanthauza kuti katundu amene ankagona pano tsopano ankangodutsa. Mukayenda lero kuchoka ku mbali yakale ya tauni, kufupi ndi siteshoni, kupita pa Kamuzu Road pamene pamakumana msewu wa M5 ndi wa M14, mbiri yonseyi muiwona ndi maso. Malonda anasamuka kusiya njanji n'kutsata phula.

Amene anajambula Lilongwe anamujambula momwazika. Anagawa mzinda m'zigawo zinayi zotalikirana, Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, pakati pake n'kusiya mitengo ndi malo opanda nyumba. Papepala zinkakongola. Koma mzinda wotere umafuna munthu wa galimoto, ndipo malo okonzedwa bwino sanakwanire anthu onse amene ankabwera kudzasaka ntchito. Amene analephera kupeza puloti ku Kawale kapena ku Area 25 anapita kwa mafumu a m'mphepete, ndipo Chinsapo, Mtandire, Mgona ndi Kauma anakula m'njira imeneyi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzindawu. Masiku ano si osauka okha amene akutuluka. Anthu apantchito zabwino akumanga nyumba za mipanda kwa Njewa, ku Mpingu, njira ya ku Bunda ndi ku Nanjiri, pamalo amene dzana panali minda ya chimanga.

Matauni ozungulira likulu sanabadwe mofanana, ndipo chibadwa chawo chimaonekabe. Lumbadzi ndi mwana wa pulani. Anamangidwa chifukwa cha bwalo la ndege la Kamuzu limene linatsegulidwa mu 1983, n'chifukwa chake kuli nyumba zondandalikana bwino zofanana mamangidwe. Mitundu, Nathenje ndi Mponela ndi ana a msika: moyo wawo uli pa mbewu, mbuzi ndi tsiku la msika, ndipo nyumba zimafola m'mbali mwa msewu chifukwa aliyense amafuna khomo lake liyang'ane kumene kukudutsa ndalama. Ena ndi ana a mishoni. Ku Mvera, pa msewu wathu womwewu, amishoni a Dutch Reformed anafika mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, ndipo Likuni ndi Namitete anakulira pa mishoni za Akatolika. Malo otere amakhala ndi tchalitchi, sukulu ndi chipatala pakati, ndipo ngakhale mzinda utawayandikira chotani sataya nkhope yawo msanga. Likuni lero walumikizana ndi Lilongwe moti simungaloze pamene wina wathera, komabe munthu wa ku Likuni amanena kuti kwawo ndi ku Likuni.

Chimene chimalamula kwambiri ndi mtunda, ndipo ife sitiuyeza ndi makilomita okha ayi. Timafunsa kuti: kodi munthu wolandira malipiro wamba angathe kupita kuntchito m'mawa, kubwerako madzulo, tsiku ndi tsiku, ndalama ya thiransipoti osamudyera ya ndiwo? Tauni imene yankho lake ndi inde imasanduka chipinda chogona cha mzinda. Masana kumakhala zii, usiku kumadzaza. Anthu ake amagula ku Lilongwe, amadwalira ku Lilongwe, ana awo amaphunzira ku Lilongwe, ndipo khonsolo ya kumene akugonako imangotsala ndi zinyalala ndi misewu yokumbika.

Salima ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ulendo wa ola limodzi ndi theka msewu ukakhala bwino, ndipo pali chitunda chokwera mamita oposa 500 kuchoka kuchigwa kuno kufika kumtunda. Ndi ochepa amene angayende ulendo umenewu tsiku lililonse. Ine ndimauona mtundawu ngati mwayi wathu waukulu. Watisiyira moyo wathuwathu: asodzi, alimi a mpunga ku Lifuwu, malo ofufuzira zaulimi ku Chitala, sukulu ya asilikali ya MAFCO, fakitale ya shuga, doko la Chipoka kumene njanji, msewu ndi nyanja zimakumana. Anthu 36,789 amene anawerengedwa m'tauni ya Salima mu 2018 ambiri amadya za konkuno. Wa kabaza amene amakunyamulani kuchoka kumsika sadikira kuti ku Capital Hill alandire.

Komabe dzanja la likulu limatifika, kungoti limadzera njira ina. Lilongwe amadya nsomba zathu. Amaphikira makala ochokera m'nkhalango ngati ya Thuma, ndipo aliyense woyenda pa M14 amawaona matumba aja. Magetsi a dzuwa a pa Nanjoka, okwana mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, amalowa m'mawaya a dziko lonse. Misonkhano ya maofesi a ku likulu imadzaza malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Ndipo pali nkhani ya madzi imene imandikhudza kwambiri. Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama, umamwetsa mzinda kudzera m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, umadutsa pakati pa mzindawo kutenga zonse zimene anthu atayamo, kenako umathira mu Linthipe n'kudzalowa m'nyanja m'boma lathu lino. Pamene kuli ntchito yoika mapaipi otunga madzi m'nyanja kuno kupita nawo ku Lilongwe, ndi bwino a kumtunda azikumbukira kuti chimene ataya pa mlatho wa ku Old Town chimatsikira m'chitsime chomwe akufuna kumweramo.

Koma chimene chikusintha Salima mwakachetechete kuposa zonsezi ndi malo. Munthu wa ku Lilongwe sabwera kudzagona kuno tsiku lililonse. Amabwera kudzagula puloti.

Chaka china ndinaitanidwa kumudzi wina wa njira ya ku Senga Bay kuti ndikathandize pa mkangano wa malire. Amfumu anatulutsa m'thumba la jekete mapepala ong'ambidwa m'kope la sukulu, lililonse lili ndi dzina la wogula, ndalama, zidindo za zala ndi mboni ziwiri. Malire ankalembedwa motere: kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa chulu. Tinayenda nawo pamalopo, ndipo ndinapeza kuti mapuloti asanu ndi awiri anagulitsidwa mogundizana, popanda ngakhale kampata koti ngolo idutse. Atatu a kutsogolo anali atamangidwa kale mipanda ya njerwa. Kanjira kamene amayi ankatsikira kunyanja kukachapa ndi kukatunga kanali katatsekedwa, ndipo ndinawaona ndi maso anga akuzungulira kutali, mabeseni ali pamutu, ana kumbuyo.

"Gogo," ndinawafunsa amfumuwo, "nanga ogula a kumbuyowa azilowera pati?"

Anakhala chete kaye, kenako anati: "Mwana wanga, aliyense ankabwera payekha. Wina chaka chino, wina chaka chamawa. Ine msewu sindinauone chifukwa panalibe tsiku limene onse anaima pamodzi."

Mawu amenewa ndimawakumbukira nthawi zonse, chifukwa akufotokoza bwino lomwe mmene madera ozungulira mizinda amaonongekera. Palibe amene amadzuka ndi cholinga choti amange malo opanda misewu. Wogulitsa akufuna fizi ya mwana kapena feteleza, ndipo ndalama imene wa ku tauni akupereka sanaigwirepo chibadwire. Wogula akufuna pothawira lendi kapena popumira akadzasiya ntchito. Dobadoba amene wawakumanitsa akufuna yake ya pamwamba. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka, koma zikaphatikizana mumapeza dera lopanda msewu, lopanda ngalande, lopanda malo a sukulu, msika kapena manda. Kudzakonza pambuyo pake kumafuna kugwetsa nyumba ndi kulipira chipukuta misozi, ndalama zimene khonsolo sikhala nazo. Walira mvula walira matope, ndipo matope a ndalama za ku likulu ndi amenewa.

Kuno ku Salima vutoli limakula chifukwa dera lathu ndi lathyathyathya. Kumtunda madzi a mvula amadzipezera okha njira yotsikira. Kuno mukatseka dambo ndi mpanda, madziwo amaima pakhomo la mnzanu mpaka dzuwa lidzawaumitse. Nyanja nayo ili ndi malire ake amene imawakumbukira. Mu 2024 madzi atakwera tinaona malo ogona alendo ndi nyumba za m'mphepete zitalowa madzi mpaka m'zipinda, ndipo akuluakulu a m'midzi ankanena poyera kuti pamenepo nyanja inafikapo kale.

Malamulo alipo. Kuyambira 2016 tili ndi lamulo latsopano la mapulani limene limakhudza dziko lonse, osati mizinda yokha, komanso lamulo la malo a mafumu limene linabweretsa makomiti oyang'anira malo m'midzi ndi mwayi woti banja lilembetse malo ake. Pa mapulani a Malawi 2063, Salima ndi Chipoka anasankhidwa pamodzi kukhala m'gulu la malo asanu ndi atatu oti adzakule n'kukhala mizinda yothandizira ikuluikulu ija. Ndimakondwera nazo. Nkhawa yanga ndi yakuti mapuloti akuyenda mofulumira kuposa mapepala a m'maofesi, ndipo pofika tsiku lojambula mzindawo tikhoza kupeza kuti pojambula patha.

Choncho amene mukugula, musanapereke ndalama imani pamalopo n'kufunsa kuti msewu wofika pano udzera pati ndipo ndi waukulu bwanji. Pitaniko mu February, osati mu October, muone kumene madzi amaima. Kafunseni ku ofesi ya zamalo ku khonsolo ngati deralo lili ndi pulani. Ndipo inu mafumu ndi eni minda, musanagulitse puloti yoyamba, itanani wodziwa kuyeza akuthandizeni kudula misewu, njira ya madzi ndi njira yotsikira kunyanja. Puloti ya pamsewu imagulidwa mokwera kuposa yotsekeredwa, ndiye simutaya kanthu.

Kumudzi kuja tinakhala pansi katatu. Ogula awiri a pakati, amene anali asanamange, anavomera kusuntha malire awo, ndipo amfumu anawabwezera ndi malo a kumbuyo. Mwini mpanda mmodzi anakana kwa miyezi ingapo, kenako anagumula mbali imodzi ataona kuti lole ya mchenga ya mbale wake nayonso ikulephera kulowa. Tinakhoma zikhomo za simenti mbali zonse ziwiri, kuchokera pamsewu waukulu mpaka kumchenga. Mwezi watha ndinadutsako pa kabaza, ndipo ndinapeza ngolo ya ng'ombe ikutsika ndi maukonde, amayi awiri akuipatukira m'mbali, mabeseni ali pamutu.