Minofu simera pa njala

Amayi ambiri amene amafuna thupi lopanda mafuta ochuluka koma looneka minofu amayamba ndi kudzimana chakudya. Amasiya nsima, amamwa tiyi wochepetsa thupi, amamanga lamba wothina pamimba, kenako amathamanga m'mawa uliwonse mpaka sikelo itatsika. Sikelo imatsikadi, koma gawo lina la zimene zachokazo ndi minofu yomwe ankaifunayo, chifukwa thupi likasowa chakudya limadya mnofu wake womwe.

Mnofu umakula ukapatsidwa ntchito yoposa imene unazolowera, kenako n'kulandira chakudya ndi mpumulo wokwanira. Malangizo a mu 2020 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu aliyense azichita masewera olimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, koma wofuna kuti minofu ioneke angachite bwino kufika masiku atatu kapena anayi. Masewera ofunika kwambiri ndi amene amagwiritsa ntchito minofu ikuluikulu nthawi imodzi, monga kunjuta ndi kudzuka mutanyamula cholemera, kutola chitsulo pansi msana uli wowongoka, kukankha ndi kukoka. Sankhani cholemera chimene mungachinyamule maulendo 8 mpaka 12 musanatope kwambiri, mupume pang'ono, mubwereze katatu, ndipo chikayamba kupepuka muwonjezere kulemera kwake. Amene sangakwanitse kulipira ku jimu angayambe ndi zigubu za madzi, popeza chigubu cha malita 5 chodzaza chimalemera pafupifupi makilogalamu 5.

Mantha akuti mayi wonyamula zitsulo adzaoneka ngati mwamuna alibe maziko. Homoni ya testosterone, imene imathandiza kwambiri kukuza minofu, imakhala yochepa kwambiri mwa akazi, choncho zitsulo zimaumba thupi pang'onopang'ono pa miyezi ndi zaka. Masewera a pamimba nawonso amalimbitsa minofu ya pamimba, koma sasungunula mafuta a pamalo pomwepo, pakuti thupi silichotsa mafuta pamalo amene mwini wake wasankha.

Nkhani yaikulu ili m'mbale. Munthu wofuna kumanga minofu amafunika magalamu pafupifupi 1.6 a mapulotini pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse, kutanthauza kuti mayi wolemera makilogalamu 60 afunika magalamu 96. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 okha, ndiye kuti mazira awiri a m'mawa sangafikitse munthu patali. Mwayi wathu ndi wakuti usipa, matemba, nyama ya soya, nyemba, nandolo, khobwe ndi chambiko zimapezeka pamsika, ndipo nsomba zouma ndi soya zili ndi mapulotini ambiri kuposa mmene mtengo wake ungatiganizitsire. Vuto ndi kadyedwe kathu, komwe nsima imadzaza mbale pamene ndiwo ndi zongonyowetsera mbamu. Muchepetse mitanda ya nsima, makamaka ikhale ya mgaiwa, muchulutse ndiwo ndi masamba, ndipo mapulotiniwo muwagawe pa chakudya cha m'mawa, masana ndi madzulo. Nsima isachoke yonse, chifukwa ndi imene imapereka mphamvu yonyamulira zitsulozo. Mtedza ndi wabwino, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta, choncho nsinjiro ndi chiponde zimafuna dzanja lodziletsa.

Kuti mafuta achoke minofu n'kutsala, kulemera kuzitsika pang'onopang'ono, osapitirira theka la kilogalamu pa sabata kwa amayi ambiri, ndipo tulo ta maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo tisamasowe.

Pali malire amene thupi la mayi siliyenera kudutsa. Chakudya chikachepa kwambiri poyerekeza ndi masewera, thupi limachepetsa mahomoni oyendetsa msambo, mafupa amayamba kufooka, ndipo mayi amatopa ndi kudwaladwala. Komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki inatchula vutoli kuti RED-S mu 2014. Ena amasangalala msambo ukasiya, poganiza kuti ndi umboni wakuti alimbikira, koma ine ndimauona ngati chenjezo. Mayi amene sali woyembekezera, sakuyamwitsa, sakugwiritsa ntchito njira yolerera yoletsa msambo, koma wapita miyezi itatu osasamba, awonjezere chakudya ndipo akaonane ndi dokotala. Kuchepa kwa magazi nakonso kumabweza m'mbuyo amayi ambiri, popeza ayironi amatayika mwezi uliwonse. Chiwindi, nsomba, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, makamaka zikatsagana ndi zipatso monga magwafa kapena malambe, ndipo tiyi azimwedwa patapita ola limodzi kuchokera pamene mwadya, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi m'chakudyacho.