Potashi si phulusa wamba, samalani maso

Ndatopa nawo mawu akuti potashi, amene ndi potassium carbonate, ndi phulusa chabe siyoopsa. Inde kale ankasefa madzi paphulusa la nkhuni n'kuwaphwetsa mumphika, dzina loti potashi linachokera pamenepo, ngakhale patenti (chikalata cha boma choteteza luso latsopano) yoyamba ya ku America mu 1790 inali ya Samuel Hopkins pa ntchito yomweyi. Koma yam'matumba ya lero ndi ina, amaipanga ndi potassium hydroxide ndi mpweya wa carbon dioxide, yoyera mbee, mukaisungunula m'madzi pH yake (muyeso wa asidi ndi alikali) imapitirira 11, kutanthauza kuti ndi alikali, wotsutsana ndi asidi koma wowotcha thupi.

Chimene chimapusitsa anthu n'choti amaiona pa lebulo ya koko kuti E501 ndiye amati aaa si timadya imeneyi. M'koko imakhala pang'ono zedi, yongochepetsa kuwawasa ndi kudetsako mtundu. Kufakitale ndi matumba athunthu, opanga galasi amaithira kuti mchenga usungunuke msanga, a sopo wamadzi amaifuna, kopanga amoniya (mankhwala opangira feteleza) amaitenthetsa m'madzi kuti izikoka carbon dioxide.

Khalidwe lake loipa ndi ludzu. Thumba mukalisiya pululu imayamwa chinyezi cha mumpweya, imaundana mibulu, kenako imasanduka phala.

Mpaka pano amandiwawa mnyamata wina pafakitale ina ya sopo yomwe ndinkalangiza. Thumba linagona lotsegula, m'mawa iye akuswa mibulu ija ndi chitsulo, magalasi oteteza ali m'thumba la ovolosi, kachidutswa konyowa kanamulowa m'diso. Mnzake wodziwadziwa anati thira viniga, asidi amapha alikali. Diso si botolo la mu labu abale! Wina anabweretsa mkaka, wina mankhwala a m'maso otsala kunyumba, mnyamata anapukuta ndi malaya n'kupitiriza ntchito poti ululu unachepa. Kuchipatala anafika mawa lake diso litachita kale mtambo.

Ululu ukachepa sikuti mwachira. Alikali amasungunula mafuta a m'diso monga amachitira popanga sopo, ndiye amangolowerabe mkati inu mukuti zatha. Madzi oyera basi, ambiri, oyenda, chikope mutachitsegula ndi zala, mphindi zosachepera 15, musayambe n'kufunafuna galimoto kapena bwana. Mukatero kuchipatala tsiku lomwelo, tengani lebulo ya thumbalo adokotala aone. Mnyamata uja mpopi unali pafupi, masitepe asanu okha.